Mneneri M'dzenje la Matope

 Nkhani yathu lero ndi yokumbukira aneneri a Chihebri, makamaka mmodzi mwa iwo, Yeremiya, pamodzi ndi anthu oŵerengeka amene adaima naye pa masiku a nsautso.

Mipingo yambiri ya Chikhristu idapatula masiku okumbukira aneneri ameneŵa. Mpingo wa Katolika ndi mipingo ya Orthodox imakumbukira Yeremiya pa 1 Meyi, ndipo Eliya pa 20 Julayi. Mipingo ina ilibe masiku otere, komabe imaŵerenga mabuku awo, ndipo makolo amatcha ana awo maina a Danieli, Yesaya ndi Eliya. Zonsezi n'zabwino ndithu. Koma pali ngozi ina imene Ambuye Yesu mwini adaitchula. Mu Uthenga wa Mateyu mutu 23 adadzudzula atsogoleri a masiku ake chifukwa ankamanga ndi kukongoletsa manda a aneneri, namadzitama kuti iwo akadakhalako kale lija sakadaloŵerera nawo pa kukhetsa mwazi, pamene mitima yawo idali kukonzera chiŵembu mneneri wamoyo amene adali pakati pawo. Mneneri wakufa savuta kumkonda, pakuti sadzudzulanso munthu. Tsono ngati tifuna kukumbukira Yeremiya moona, tiyenera kubwerera ku masiku amene adali wamoyo, pamene palibe amene ankamutcha woyera, ndi kudzifunsa kuti ifeyo tikadaima mbali iti.

Yeremiya adabadwira m'banja la ansembe m'mudzi wa Anatoti, m'dera la fuko la Benjamini, makilomita pafupifupi 5 kumpoto chakuvuma kwa Yerusalemu. Mulungu adamuitana akadali mnyamata, m'chaka cha 13 cha ufumu wa Yosiya, ndiye kuti cha m'ma 627 Khristu asanabadwe, ndipo adagwira ntchito ya uneneri zaka zoposa 40. Omvera akumbukire kuti zaka za nthaŵi imeneyo timaziŵerenga chobwerera m'mbuyo. Dziko lake la Yuda lidali laling'ono, lopanikizika pakati pa maufumu aakulu. Ufumu wa Asiriya udali kugwa, ndipo mzinda wake waukulu, Ninive, udapasuka mu 612. Ejipito ndi Babiloni adayamba kulimbirana maiko amene adatsalawo. Mu 609 mfumu Yosiya adaphedwa ku Megido polimbana ndi Farao Neko, ndipo mu 605 Nebukadinezara wa ku Babiloni adagonjetsa Aejipito ku Karikemisi, m'mbali mwa mtsinje wa Yufurate.

M'masiku a mantha otere, anthu amafuna womawatonthoza. Yeremiya adatumidwa ndi uthenga wina. Adadzudzula kupembedza mafano, kupondereza ana amasiye, akazi amasiye ndi alendo. Adadzudzula mfumu Yehoyakimu, mwana wa Yosiya, chifukwa chomanga nyumba yachifumu ya zipinda zazikulu ndi matabwa a mkungudza pogwiritsa anthu ntchito popanda kuŵalipira. Adachenjezanso kuti Nyumba ya Mulungu si chithumwa choteteza anthu amene akana kusintha makhalidwe awo. Makolo athu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu likamaŵaŵa ndi ochepa amene amakumbukira mwambiwo. Oyamba kumchitira chiŵembu adali anthu a m'mudzi mwake mwa Anatoti, ndipo ngakhale abale ake enieni adamuukira. Wansembe wina dzina lake Pasuri, mkulu woyang'anira Nyumba ya Mulungu, adamkwapula, namtsekera usiku wonse m'mitengo yopana miyendo pa Chipata cha Benjamini. Tione bwino apa: mazunzo a mneneri sadachokere kwa akunja osadziŵa Mulungu. Adachokera kwa anthu opemphera naye pamodzi.

Kumayambiriro kwa ufumu wa Yehoyakimu, Yeremiya adaimirira m'bwalo la Nyumba ya Mulungu, nauza khamu lonse kuti ngati salapa, Nyumbayo idzasanduka bwinja monga m'mene adaonongekera malo opatulika a ku Silo. Ansembe ndi aneneri anzake adamgwira pomwepo, namgamulira imfa. Akalonga adathamanga kuchokera ku nyumba ya mfumu, nakhala pansi pa chipata kuti azenge mlanduwo. Yeremiya sadabweze mau ndi amodzi omwe. Adavomera kuti moyo wake uli m'manja mwawo, koma adaŵachenjeza kuti akamupha adzasenza mlandu wa munthu wosalakwa. Apo akuluakulu ena a m'dzikomo adaimirira, nakumbutsa anthu za mneneri Mika wa ku Moreseti, amene zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo adaneneratu za kupasuka kwa Yerusalemu, ndipo mfumu Hezekiya m'malo momupha adaopa Mulungu napemphera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsiku limenelo kukumbukira mneneri wakale kudapulumutsa mneneri wamoyo, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yeniyeni ya chikumbutso. Nduna ina, Ahikamu mwana wa Safani, idamtchinjiriza kuti asaperekedwe m'manja mwa anthu.

Koma mutu 26 womwewo wa Buku la Yeremiya ukutiuza za munthu wina amene ambiri a ife sitimtchula. Dzina lake ndi Uriya mwana wa Semaya, wa ku Kiriyati-Yearimu. Iyenso adali mneneri, ndipo uthenga wake udali wofanana ndi wa Yeremiya. Mfumu Yehoyakimu itafuna kumupha, Uriya adachita mantha nathaŵira ku Ejipito. Mfumu idatuma anthu motsogozedwa ndi Elinatani mwana wa Akibori, ndipo adakamtenga komweko. Idamupha ndi lupanga, mtembo wake nkuutaya ku manda a anthu wamba. Mzinda udali umodzimodzi, mfumu idali imodzimodzi, uthenga udali umodzimodzi, koma wina adapulumuka ndipo wina adaphedwa. Buku Lopatulika silinena kuti Uriya adafa chifukwa chikhulupiriro chake chidali chochepa. Silimdzudzulanso chifukwa chothaŵa. Lidasunga dzina lake, la bambo wake ndi la mudzi wake, pamene mfumu idafuna kuti ngakhale manda ake asadziŵike. Omvera, ichi tichigwire: kukhulupirika kwa munthu sikuyezedwa ndi kupulumuka kwake.

Mu 605, chaka chachinayi cha Yehoyakimu, Yeremiya adaitana mlembi wake, Baruki mwana wa Neriya, kuti alembe mu mpukutu mau onse amene adalalika pa zaka 23. Popeza iye mwini adali woletsedwa kuloŵa m'Nyumba ya Mulungu, Baruki ndiye adakaŵerenga mpukutuwo pamaso pa anthu chaka chotsatira, pa tsiku losala zakudya. Akalonga atamva adachita mantha, nauza Baruki kuti iye ndi Yeremiya akabisale. Mpukutu udafika kwa mfumu. Udali mwezi wachisanu ndi chinayi, nyengo yozizira ku dziko limenelo, ndipo mfumu idakhala pafupi ndi mbaula ikuotha moto. Mtumiki wina dzina lake Yehudi ankaŵerenga. Akatha zigawo zitatu kapena zinayi, mfumu inkadula ndi mpeni wa alembi nkuponya pa moto, mpaka mpukutu wonse udapsa. Anthu atatu adaipempha kuti isautenthe: Delaya, Gemariya, ndi Elinatani uja amene kale adakagwira Uriya ku Ejipito. Munthu amene dzulo adatumikira nkhanza angathe kulimba mtima lero. Mfumu sidaŵamvere.

Kodi Yeremiya adachita chiyani ntchito ya zaka 23 itasanduka phulusa? Adatenga mpukutu wina, napatsa Baruki, ndipo adayambanso kuchokera pachiyambi, naonjezapo mau ena ambiri. Palibe moto umene udatsika kumwamba tsiku limenelo, palibenso chozizwitsa chimene chidaoneka. Padali anthu aŵiri m'malo obisika, wina akulankhula, wina akulemba ndi inki. Mau amene mfumu idatentha ndiwo tikuŵerenga lero m'Chicheŵa, patapita zaka zoposa 2,600.

Tisaganize kuti munthuyu adali ndi mtima wamwala. Mwa aneneri onse, Yeremiya ndiye amene adatiululira kwambiri za kuŵaŵa kwa m'kati mwake. Mulungu adamletsa kukwatira ndi kubala ana, monga chizindikiro cha tsoka limene lidali kudza, ndipo ife tidziŵa kulemera kwa chinthu chotere pakati pa anthu olemekeza mbumba. Adadandaula kuti wasanduka choseketsa cha tsiku ndi tsiku. Adafika potsutsana ndi Mulungu, namunena kuti adamnyengerera, ndipo adatemberera tsiku limene adabadwa. Adayesa kukhala chete, koma mau adamtentha m'kati kotero kuti adalephera kuŵasunga. Mapemphero ameneŵa sadafufutidwe m'Buku Lopatulika. Adasiyidwa momwemo kuti Mkhristu amene akulira usiku adziŵe kuti kulira si kugwa. Yeremiya adakangana ndi Mulungu, koma sadapite kukafuna mulungu wina, ndipo kukacha ankabwerera ku ntchito yake.

Mu 597 Nebukadinezara adalanda Yerusalemu, natenga mfumu Yehoyakini ndi anthu ambiri aluso kupita nawo ku Babiloni, nalonga Zedekiya m'malo mwake. Patapita zaka zoŵerengeka, akazembe a maiko oyandikana adasonkhana ku Yerusalemu kudzapangana zoukira Babiloni. Yeremiya adayenda m'mzinda atasenza goli la mtengo pakhosi, kusonyeza kuti njira ya moyo idali kugonjera. Mneneri wina, Hananiya wa ku Gibiyoni, adalonjeza pamaso pa anthu kuti pasanathe zaka ziŵiri otengedwa onse adzabwerera, ndipo adathyola goli lija. Aŵiri onseŵa ankalankhula m'dzina la Mulungu mmodzi, ndipo mau okoma m'makutu adali a Hananiya. Yeremiya adayankha kuti nayenso akadakonda kuti zitero, koma wolonjeza mtendere amadziŵika pamene mau ake achitika. Hananiya adamwalira patangopita miyezi iŵiri.

Nkhani imeneyi ili ndi phunziro kwa ife a masiku ano, pamene odzitcha aneneri achuluka. Si aliyense wotsutsidwa amene ali mneneri, ndiponso si aliyense wotsatidwa ndi khamu amene watumidwa. Yeremiya sadalemere ndi uneneri wake. Sadagulitse madalitso. Sadakondwere ndi tsoka limene adalosera, koma adalirira anthu omwewo amene ankammenya. Zipatso zotere ndizo tiziyang'ana.

Zedekiya adaukira Babiloni, ndipo ankhondo adabwera nazinga Yerusalemu. Za masiku ameneŵa tili ndi umboni wina wochokera m'nthaka. Mu 1935 akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi James Starkey, adapeza pa bwinja la mzinda wa Lakisi makalata olembedwa ndi inki pa mapale. M'kalata imodzi msilikali akuuza mkulu wake kuti akuyang'anira zizindikiro za moto za ku Lakisi chifukwa za ku Azeka sakuziona, ndipo Buku la Yeremiya mutu 34 limatchula mizinda iŵiri yomweyi kuti ndiyo idatsala ndi malinga kunja kwa Yerusalemu. Nthaŵi ina ankhondo a Babiloni atachoka pang'ono chifukwa cha kubwera kwa Aejipito, Yeremiya adanyamuka kupita kwawo ku dera la Benjamini. Mlonda wa pachipata adamgwira, namnamizira kuti akuthaŵira kwa adani. Adammenya, namtsekera masiku ambiri m'chipinda cha pansi m'nyumba ya mlembi Yonatani. Mfumu idamuitanitsa mobisa kuti imve ngati pali mau ochokera kwa Mulungu, ndipo mkaidi wofookayo adaiuza zomwezo zimene ankanena ali mfulu. Zedekiya adamsamutsira ku bwalo la alonda, nalamula kuti azilandira mtanda umodzi wa buledi tsiku lililonse, mpaka buledi atatha mu mzindamo.

Akalonga anayi adapita kwa mfumu kukanena kuti munthu ameneyu akufooketsa asilikali, ndipo ayenera kufa. Kunena zoona, mlandu wawo sudali wopanda pake m'maso mwa anthu: m'nthaŵi ya nkhondo, wouza anthu kuti adzipereke kwa adani amaoneka ngati woukira dziko. Aŵiri mwa akalongawo adali Yukali mwana wa Selemiya ndi Gedaliya mwana wa Pasuri. Mu 2005 ndi mu 2008, wofukula zakale Eilat Mazar adapeza mu Yerusalemu timadongo tiŵiri todindidwa ndi zidindo zokhala ndi maina aŵiri omweŵa. Tsono amene tikunenaŵa si anthu a m'nthano. Zedekiya adayankha kuti iye sangathe kuŵaletsa. Mfumu imeneyi sidali yankhanza monga Yehoyakimu. Idali yamantha chabe, ndipo mantha a wolamulira amapha chimodzimodzi ndi nkhanza. Adatenga Yeremiya, namtsitsa ndi zingwe m'chitsime chosungiramo madzi a mvula chimene chidali m'bwalo la alonda. Madzi mudalibe, mudali matope okhaokha, ndipo mneneri, amene tsopano adali wachikulire, adamira m'matopemo. Sadafune kumupha ndi lupanga. Adafuna kuti njala imalize ntchitoyo, manja awo akhale oyera.

Mu Yerusalemu mudali ansembe, alembi ndi akuluakulu ambiri odziŵa Malamulo a Mose. Amene adalankhula adali mlendo. Ebedi-Meleki adali Mkusi, wochokera ku dziko la Kusi, kumwera kwa Ejipito m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kumene lero kuli dziko la Sudan. Adali munthu wa mu Africa muno, mdindo wotumikira m'nyumba ya mfumu, ndipo dzina limene timamdziŵa nalo m'Chihebri limangotanthauza kuti mtumiki wa mfumu. Adalibe fuko lomteteza mu mzindamo. Atamva zimene zidachitika, sadadikire kuti akanong'oneze mfumu usiku. Adaitsata ku Chipata cha Benjamini, pamalo oonekera pamene inkakhala, naiuza kuti akalonga aja achita choipa, ndipo mneneri afera m'dzenjemo. Mfumu yomwe ija imene idati singathe kuchita kanthu idamlamula kuti atenge anthu akamtulutse Yeremiya asanafe.

Pano pali kanthu kakang'ono kamene wolemba sadafune kuti katayike. Ebedi-Meleki asanapite ku dzenje, adayamba waloŵa m'chipinda china cha m'nyumba ya mfumu, natolera nsanza ndi zovala zakutha. Adazitsitsa m'chitsimemo, nauza Yeremiya kuti aziike m'khwapa, kunsi kwa zingwe. Adaganizira kuti kukoka munthu wokalamba ndi woonda kuchokera m'matope omata kungamcheke thupi. Akalonga adamtsitsa ndi zingwe zokha; Mkusi adamkweza ndi zingwe ndi nsanza. Pambuyo pake Mulungu adatuma Yeremiya kukamuuza kuti pa tsiku la kugwa kwa mzinda iye sadzaphedwa, chifukwa adaika chikhulupiriro chake mwa Mulungu. Ebedi-Meleki sadalalike ulaliki uliwonse umene udalembedwa, sadaone masomphenya, koma chimene adachitacho Mulungu adachitcha chikhulupiriro.

Adakali mkaidi m'bwalo la alonda, ankhondo atazinga mzinda, Yeremiya adachita chinthu chimene ambiri adachiyesa misala. Hanameli, mwana wa mbale wa bambo wake, adabwera kudzamgulitsa munda wa ku Anatoti, dera limene lidali kale m'manja mwa adani. Yeremiya adaugula ndi masekeli 17 a siliva. Adalemba kalata ya umwini pamaso pa mboni, napatsa Baruki kuti aisunge m'mbiya kuti ikhale nthaŵi yaitali, monga chizindikiro chakuti tsiku lina anthu adzagulanso nyumba ndi minda m'dzikomo. Iye mwini sadaulime mundawo. Munthu yemwe ankamunena kuti amadana ndi dziko lake ndiye adaika ndalama zake m'nthaka yake pamene ena onse adataya mtima. Ndi mneneri yemweyunso amene adalonjeza za chipangano chatsopano cholembedwa m'mitima, chimene Akhristu amachikumbukira nthaŵi zonse pa Mgonero wa Ambuye.

Yerusalemu adagwa mu 587 kapena 586, monga amaŵerengera akatswiri a mbiri. Nyumba ya Mulungu idatenthedwa. Ana a Zedekiya adaphedwa iye akuona, kenaka adamkolowola maso napita naye ku Babiloni. Ababiloni adamasula Yeremiya, nampatsa ufulu wosankha kupita ku Babiloni kukasamalidwa kapena kutsala. Adasankha kutsala ndi amphaŵi pa mabwinja, ku Mizipa, pansi pa bwanamkubwa Gedaliya, mwana wa Ahikamu uja adamteteza kale. Posakhalitsa bwanamkubwayo adaphedwa, ndipo otsalawo chifukwa cha mantha adathaŵira ku Ejipito, natenga Yeremiya ndi Baruki, ngakhale mneneri adaŵachenjeza kuti asapite. Kumeneko, ku Tapanesi, adapitiriza kulankhula, ndipo anthu adapitiriza kusamvera. Buku Lopatulika silifotokoza za imfa yake, koma mwambo wakale wa Akhristu umati anthu a mtundu wake adamponya miyala. Mau ake onena za kugwa kwa Yerusalemu adachitika, komabe palibe pamene tiŵerenga kuti wina adabwera kudzampepesa. Mau a akulu akoma akagonera: adali ana a otengedwa ukapolo amene adasunga mipukutu yake, naizindikira kuti idali yoona.

Akhristu oyamba, amene nawonso adalaŵa ndende ndi zikoti, adaŵerenga mbiri imeneyi ngati yawoyawo. Pamene Yesu adafunsa ophunzira ake za m'mene anthu ankamganizira, ena ankamuyesa Yeremiya. Stefano, asanaponyedwe miyala, adakumbutsa bwalo la akulu za mazunzo a aneneri. Kalata ya Yakobo imalangiza ovutika kuti atengere chitsanzo cha kupirira kwa aneneri. Ndipo Kalata ya kwa Ahebri mutu 11 imaika pa mndandanda umodzi anthu amene adapulumuka ku lupanga ndi amene adaphedwa ndi lupanga, amene adatseka pakamwa pa mikango ndi amene adazunzika mpaka kufa, nkunena kuti onseŵa adachitiridwa umboni chifukwa cha chikhulupiriro. Yeremiya ndi Uriya ali pa mzere umodzi.

Zotere zaonekanso mu Africa muno m'masiku a makolo athu ndi athu omwe. Mu Febuluwale 1977 maepiskopi a Mpingo wa Anglican ku Uganda adalembera kalata Idi Amin, kudandaula za anthu amene ankaphedwa ndi kusoŵa. Pa 16 mwezi womwewo Arkiepiskopi Janani Luwum adagwidwa ku Kampala, ndipo adaphedwa pamodzi ndi nduna ziŵiri za boma. Boma lidalengeza kuti adafa pa ngozi ya galimoto. Mu 1998 chifanizo chake chidaikidwa pa Westminster Abbey ku London, pakati pa anthu 10 ofera chikhulupiriro m'zaka za m'ma 1900. Kuno ku Malaŵi, pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika idaŵerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, yodandaula za umphaŵi, za kusoŵa kwa ufulu wolankhula, ndi za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Boma la nthaŵiyo lidaitcha kalata youkira, maepiskopi adaitanidwa ku polisi, ndipo Monsignor John Roche adathamangitsidwa m'dziko muno. Koma palibe mmodzi mwa iwo amene adaphedwa, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu adaponya voti pa riferendamu. Makalata aŵiri, mathero aŵiri osiyana. Pamene ankalemba, onseŵa sankadziŵa kuti zidzatha bwanji, ndipo pamenepo ndipo pagona kukhulupirika kwawo.

Tsono ife amene tikumvera madzulo ano, malo athu ndi ati m'nkhani imeneyi? Ochepa mwa ife adzaitanidwa kukaima pamaso pa mafumu monga Yeremiya. Koma malo a Ebedi-Meleki, a Baruki ndi a Ahikamu ndi otsegukira aliyense. M'midzi ndi m'matauni mwathu maenje a matope sasoŵa. Alipo mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akumlanda nyumba ndi munda maliro asanazizire. Alipo agogo amene mudzi waŵaloza chala kuti ndi mfiti chifukwa mwana wina wadwala. Alipo kalaliki amene wakana kusaina chikalata chabodza, ndipo anzake a muofesi aleka kumpatsa moni. Alipo wina amene wasekedwa ndi kusalidwa ndi abale ake chifukwa cha chipembedzo chake, kaya ndi cha mpingo wathu kapena ai. Pa zonsezi amakhalapo anthu ambiri odziŵa choona, amene amati nkhaniyo si yawo. Zedekiya nayenso ankadziŵa choona.

Ebedi-Meleki adachita zinthu zitatu zimene munthu wamba angathe kuchita. Adatchula choipa kuti n'choipa, pamaso pa amene adali ndi mphamvu yochiletsa. Adapita yekha ku dzenje, osangotuma mau. Ndipo adathandiza mosamala, kuti chithandizo chake chisasanduke bala lina. Sadadziŵe ngati mfumu idzamumvera kapena idzamponya m'dzenje lomwelo. Mulungu sadalonjeze atumiki ake kuti sadzaloŵa m'matope; chimene adalonjeza Yeremiya pa tsiku lomuitana n'chakuti adzakhala naye. Tsiku la chitsime lija lonjezo limeneli lidafika kudzera m'manja mwa mlendo wonyamula nsanza.

Kwa inu amene muli m'dzenje usiku uno chifukwa chokana kunama, kapena chifukwa cha dzina la Khristu, dziŵani kuti njira imeneyi adayendamo ena inu musanabadwe, ndipo maina awo sadaiŵalike, ngakhale la Uriya amene adatayidwa ku manda a anthu wamba. Kwa inu amene mwaima kunja kwa dzenje, ndipo mukumva mau a mnzanu kuchokera pansi, musadikire kuti afe kuti mudzamange chipilala pa manda ake. Funani chingwe, ndipo musaiŵale nsanza.

 Mulungu akusungeni nonse, ndipo mugone bwino.